Foni ya Ester

Dzina la Ester linalowa m'chibwenzi cha Margareta ngati chiswe m'nsichi, mwakachetechete, kunja nyumba ikuoneka yolimba.

Bwenzi lake, Chikhumbo Mwale, anali mnyamata wa ku Ntchisi. Ankagwira ntchito youlutsa madroni, tindege topanda munthu tonyamula mankhwala kuchokera ku Mponela kupita ku zipatala zing'onozing'ono za m'mapiri. Awiriwa anadziwana pa mpikisano wa makwaya ku parishi, ndipo tsopano nkhani inali itafika kwa akuluakulu. Loweruka likudzalo Chikhumbo anali kudzaonekera kwa a Yosefe, amalume a Margareta, eni mbumba, amene mawu awo ndiwo anali otsegula kapena otseka khomo.

Lamulungu, Lowerukalo lisanafike, atatuluka Misa, anakhala pa mlambala wa munda wa fodya wothyola kale, kuseri kwa mudzi wa Margareta pafupi ndi Mtengowanthenga. Chikhumbo ankasenda nzimbe ndi mano, n'kumamupatsa mfundo zotsekemera za kumunsi.

"Amalume a Filipo akuti adzavala jekete yawo ya ukwati," anatero. "Ndawauza kuti mabatani ake sakumananso, koma akuti..."

Foni inalira. Sinalire kawiri. Chikhumbo anali ataimirira kale, nzimbe itagwera m'fumbi, iye akupita chauko. Margareta anali ataona kale dzina pagalasi lake.

"Ndamva, a Ester," mphepo inamubweretsera mawuwo. "Sitinyamuka mpaka mutatiuza. Ndiwauza anyamata adikire."

Atabwerera, Margareta anali akuchotsa chisoso pa chitenje chake, chimodzichimodzi.

"Ndi yemwe uja?"

"Ndi a Ester, a kunsanja ya pabwalo la ndege. Ndinakuuza kale, Mage."

"Munandiuza. Koma lero ndi Lamulungu."

"Matenda sapita ku Misa. Kuli mayi wina kumapiri akufunika magazi, ndiye anzanga akufuna kutumiza kandege." Anakhala pansi, natola kamtengo n'kujambula mizere pa dothi. "Kumwambaku kuli misewu ngati pansi pano. Ndege zikuluzikulu zikamakatera ku Lumbadzi zimatsika podzera pamwamba pa mudzi wanu uno. Ife tisananyamuke timapempha kaye. Akati musakwere kupitirira apa, sitipitirira. Akati dikirani, timadikira."

"Ine ndikati dikirani, simudikira."

Chikhumbo anaseka. Uko ndiko kunali kulakwa kwake. Akanamuyang'ana kumaso akanaona kuti mnzakeyo sanali kuseka.

* * *

Lachitatu Margareta anakwera minibasi kupita ku Mponela kukagula nsalu ya tsikulo. Ali mkati moyeza chitenje chobiriwira pachifuwa, wina anayankhula kumbuyo kwake.

"Mkwatibwi wathu. Imeneyo ndi ya Loweruka?"

Anali Gideoni, mnzake wa ku pulaimale, mwana wa bambo wogula fodya pamsikapo. Anamufunsirapo kale, Margareta n'kumukana mwaulemu, koma Gideoni anali munthu woti kukana amakutenga ngati kunenerera mtengo. Nayenso anali ndi kadroni kake ka kamera, kojambulira maukwati.

"Nkhani zimathamanga bwanji," anatero Margareta.

"Amalume ako anali kwathu dzana ndi mabelo awo a fodya. Ndiye wasankha mnzanga wa kumwamba. Zabwino zonse."

Margareta anapinda nsalu ija, naipindulanso. Funso linali litamukhala pakhosi kuyambira Lamulungu.

"Gideoni, ndikufunse. Iwe ukafuna kuulutsa kako kaja, umaimbira ndani?"

"Kuimbira ndani? Ndimachaja batire, basi."

"Supempha kubwalo la ndege?"

"Kupempha mpweya?" Gideoni anaseka mpaka wogulitsa nsalu anasekera limodzi. "Mage, khwangwala amapempha kwa ndani? Ndajambula maukwati ku Bowe, zinkhoswe ku Madisi, ngakhale maliro a anthu olemera. Palibe tsiku limene ndinaimbira mkazi wa munthu kuti ndiuluke. Kumwamba kulibe mwini."

Onsewo anali anthu a madroni. Nanga bwanji wina amangouluka, wina amayamba wanong'onezana ndi mkazi?

"Wafunsiranji?" Gideoni anatsitsa mawu. "Kapena nawe wamva?"

"Ndamva chiyani?"

"Ine za anthu sindikamba. Koma galimoto yoyera imene imaima pa mabulugamu paja, pamsewu wa tala, mnzangayo akabwera kwanu, mwini wake ndani?"

Pa mabulugamupo amayi ankagulitsa tomato, ndipo magalimoto a mitundu yonse ankaimapo. Margareta ankadziwa zimenezo bwino lomwe. Koma mtima ukayamba kukayika, ngakhale chitsa chimaoneka munthu.

"Loweruka ndikuonere," anatero Gideoni. "Ndidzakweza kadroni kanga pamwamba penipeni, pamene ngakhale galu sangakamve. Kuchokera kumeneko kwanu ndi kumsewu zimaoneka pamodzi. Galimotoyo ikakhalapo, udziwa usanamange mfundo. Ikapanda kukhalapo, ukwatiwa mtima uli m'malo. Ndikungokuthandiza ngati mlongo wanga."

Margareta analipira nsalu, naiika m'chikwama. Anayenda pang'ono, n'kuima.

"Kaone," anatero osatembenuka. "Koma asadziwe munthu."

* * *

Lachisanu madzulo, akutsuka makapu a alendo, uthenga wa Chikhumbo unalowa pafoni ya Margareta.

"Mawa usandiseke ndikamagwada. Mawondo anga sanazolowere."

Anapukuta manja n'kuyankha: "Nanga foni?"

"Ndapempha tchuthi. Mawa ndine wako tsiku lonse."

Anauwerenga uthengawo mobwereza. Munthu wa mitala yobisa angalembe chonchi? Manyazi anamugwira. Anapita kuseri kwa nkhokwe naimbira Gideoni kuti zija azisiye. Foni inaitana mpaka kuduka. Akanatha kuyesanso, koma kamawu kena mumtima kanati, kuona si kuba. Anabwerera ku makapu ake.

* * *

Alendo anafika dzuwa litakwera. A Filipo analidi mu jekete yosakumana mabatani, Chikhumbo pambuyo pawo mu shati yoyera, maso pansi. Amuna anakhala pamipando pansi pa mtengo wa mango, Chikhumbo pamphasa pambali pa amalume ake. Amayi anakhala pakhonde. Margareta anauzidwa kuti asatuluke mpaka ataitanidwa, ndiye anaima m'nyumba, diso pa mpata wa katani.

A Yosefe sanali munthu waukali. Anali wofatsa, wokonda mwambo, woyankhula ngati akusankha fodya, tsamba limodzi limodzi. Asanayambe chilichonse anaitanitsa lichero.

"Pakhomo pano nkhani ikamakambidwa, mafoni amagona umu," anatero. "Akadzuka tikamaliza."

Lichero linazungulira, aliyense naponyamo yake. Kenako a Yosefe analipereka kwa mlongo wawo, a Roza, mayi ake a Margareta, amene analiika pamapazi pawo pakhonde paja. Malo otetezeka kuposa amenewo panalibe. Mkamwini sayandikira apongozi ake aakazi, ngakhale kukumana nawo panjira amapatuka.

A Filipo anaomba m'manja mwaulemu.

"Ife kwathu tili ndi tambala," anayamba. "Anaona msoti pakhomo pano, ndiye kwathu sakudyanso, sakugonanso. Tati tisamachite kumufunafuna m'matchire, tibwere tidzagogode."

Amayi pakhonde anaseka chamumtima. A Yosefe anagwedeza mutu.

"Tamva. Koma timamvanso kuti tambalayu ntchito yake ndi yoseweretsa tindege. Kodi zoseweretsa zimadyetsa banja? Munda ali nawo?"

Tsiku lotere mnyamata alibe pakamwa. Amalume ake ndiwo anamuyankhira: za munda wa mtedza ku Ntchisi, za nyumba ya njerwa zootcha imene yafika pa mawindo, za mankhwala amene kale ankatha tsiku lonse panjira koma tsopano amafika tiyi asanazizire. A Yosefe anamvetsera, nafunsa za mpingo, nafunsanso za mowa. Nkhope yawo inayamba kumasuka. Margareta anaona mayi ake akutsina mnzawo pantchafu, chizindikiro choti zikuyenda.

"Chabwino," anatero a Yosefe, akukonza pakhosi. "Mbumba yathu ife sititaya kuthengo. Mwanayu ndinamulera ndine bambo ake atamwalira. Ndiye mawu anga ndi awa..."

Pamenepo Margareta anaona mutu wa Chikhumbo ukupendekeka, ngati wa nkhuku yomva kabawi. Nayenso anatchera khutu. Kutali, pamwamba, kunali kakulira konga ka udzudzu. Palibe wina anakamva. Koma iye anakadziwa.

Chikhumbo anakweza maso, chinthu chosayenera. Anayang'ana kupyola masamba a mango, nkhope yake n'kusintha. Ndiye chakumpoto kunamveka mkokomo wina, wolemera, umene mudzi wonse unauzolowera. Inali ndege yamasana, ija amayi ankaonera nthawi yoteleka ndiwo.

Chikhumbo anaimirira.

"Khala pansi, iwe," a Filipo ananong'ona, akumukoka buluku.

Sanamve. Anadutsa pamaso pa a Yosefe mawu ali m'kamwa, nalunjika pakhonde. Amayi anabalalika. A Roza anasowa kothawira, anangodziphimba kumaso ndi chitenje n'kutembenukira kukhoma.

"Pepani, amayi," anatero, dzanja lili kale m'lichero pamapazi pawo. Mafoni ena anagwera pansi. Anatenga yake nathamangira pabwalo poyera, maso kumwamba.

"A Ester! A Ester, ndine Mwale."

Dzinalo aliyense analimva.

* * *

Margareta sanadziwe kuti watuluka bwanji. Anangopezeka ali pabwalo, kumbuyo kwake. Chikhumbo anali ataikweza mawu foniyo kuti manja amuthandize kutchinga dzuwa.

"Lankhulani, a Mwale," anatero mawu a mzimayi.

"Pali droni m'njira ya ndege, cha ku Mtengowanthenga kuno. Yakwera kwambiri. Si yathu."

"Mukuiona ndi maso?"

"Ndikuiona. Yangoima malo amodzi."

"Musadule."

Kenako mayiyo anamveka akuyankhula ndi munthu wina m'Chingerezi, mofulumira koma mosanjenjemera. Margareta anatsatira chala cha Chikhumbo. Kunali kadontho kakuda, konyezimira pang'ono. Ndipo kuseri kwa phiri kunatulukira ndege, matayala ali panja, nyali zikuyaka masanasana, ikutsika molunjika komweko.

Ndegeyo inakula, inakulabe. Mwadzidzidzi inabangula, mphuno yake n'kudzuka, nipendekera chakumadzulo. Malata a nyumba ananjenjemera, nkhuku zinathawira pansi pa nkhokwe. Kadontho kaja kanatsika msangamsanga n'kukabisala kuseri kwa mabulugamu.

"Yakweranso, izungulira kaye," anatero mawu aja. "Mwachita bwino, a Mwale. Madroni onse a dera limenelo, ndi anu omwe, akhale pansi mpaka tidziwe mwini wake. Funsani kumeneko. Ndiimbanso."

Foni inaduka. Panalibe moni, panalibe tsalani bwino.

Margareta anaima ngati chitsa. Miyezi yonseyi Ester wa m'mutu mwake anali mtsikana wa milomo yofiira, wa mawu a uchi. Amene anamumvayu anali mayi wamkulu, wa mawu ouma ngati a namwino woitana mayina kusikelo, ndipo mayiyo ankamutchula Chikhumbo ndi dzina la bambo ake. M'mawu amenewo munalibe chobisika. Munali ndege yodzaza anthu basi.

"Lowa m'nyumba, Margareta," anatero a Yosefe. Sanakweze mawu.

Analowa, koma anaima pakhomo.

Chikhumbo anabwerera pamphasa nagwada. Anatsegula pakamwa, a Filipo n'kumugwira phewa kuti atseke.

"A Filipo," anatero a Yosefe, "tambala wanu tamuona. Taona mmene amaimirira wamkulu akuyankhula. Taona kumene amapisa dzanja. Tamvanso dzina limene amaitana zinthu zikathina, ndipo si la mwana wathu. Mubwerere naye kaye."

"Bambo, m'ndegemo munali anthu," a Filipo anayesa. "Mwanayu..."

"Ndege zakhala zikudutsa pano Margareta asanabadwe, sinagwepo ndi imodzi yomwe. Ine kanthu kamene mukunenako sindinakaone, maso anga ndi a kumunda. Koma sindikana munthu ndisanamve. Ngati kanalipodi, kali ndi mwini. Mudzabwere naye mwiniyo, adzakhale pamphasa yomweyi, adzanene ndi pakamwa pake chimene amafuna pamwamba pa nyumba ya mlongo wanga. Tikadzamva zimenezo, mawu amene ndinayamba aja ndidzawamaliza."



* * *

Alendo ananyamuka osalawa chakudya. Margareta anavula chitenje chobiriwira chija, navala chakale, n'kutulukira kuseri. Mayi ake anamuona, koma sanamuletse. Anali akutolabe mafoni m'fumbi.

Anawapeza panjira yopita kumsewu wa tala. A Filipo atamuona anafulumiza miyendo n'kuwasiyira mpata.

"Ndakuchititsa manyazi, Mage," anatero Chikhumbo. "Amayi ndawalakwira kwambiri. Koma ndikanakhala pansi paja, n'kuchitika kanthu..."

"Kakang'ono ngati kaja kangagwetse ndege?"

"Kakalowa mu injini, kapena kakamenya galasi la woyendetsa ikutsika, palibe angalonjeze. N'chifukwa chake timapempha. Si ulemu chabe." Anapukuta thukuta ndi mkono wa shati yoyera ija. "Tsopano ife tonse tayimitsidwa. Mankhwala a kumapiri abwerera pa njinga yamoto, misewu yake ukuidziwa. Chifukwa cha munthu mmodzi wosewera."

Anafika pa mabulugamu. Amayi a tomato anali pamalo awo, akupitikitsa ntchentche. Galimoto yoyera panalibe. Panali ngolo ya ng'ombe yokha.

"Koma nkhaniyi ithera bwino," anapitiriza Chikhumbo, akuyesa kumulimbitsa mtima. "Amalume ako atipatsa njira. Timupeze munthuyo, akanene yekha, basi. Iwe ndiwe mwana wa kuno. Ndani ali ndi droni dera lino?"

Margareta anayang'ana tomato, anayang'ana ngolo. Akanena, ukwati ukhoza kutseguka, koma pamphasa ya amalume pakatuluka dzina lake. Akapanda kunena, khomo likhala lotseka.

"A Chikhumbo, pali chimene..."

Njinga yamoto inatulukira m'kanjira ka m'mitengo n'kuima pafupi nawo. Gideoni anavula chipewa, chikwama chakuda chili kumsana. Nkhope yake inali yotuwa pang'ono, ngati ya munthu amene wangoona njoka, koma pakamwa panali pomwemo.

"Alamu," anatero, "musavutike kufunsa amayi a tomato. Kaja n'kanga."

Chikhumbo anamuyandikira. "Mukudziwa chimene mwatsala pang'ono kuchita?"

"Ndaona, ndinali pomwepo. Sindinadziwe kuti ibwera nthawi imeneyo. Mukawauze a kubwalowo, sindithawa. Ndamvanso kuti a Yosefe akufuna mwini wake pamphasa, nkhani yafika kale pamsewu pano. Ndidzabwera, nsapato ndidzapukuta." Anatembenukira kwa Margareta. "Koma ine sindinyamula katundu wa anthu awiri ndekha. Ndikadzakhala pamphasapo ndidzanenanso amene anandituma. Mage, galimoto ija lero sinabwere. Zithunzi ndikutumizire, kapena udzaonera kwathu?"

Analiza njinga yake n'kulowa mumsewu wa ku Mponela.

Amayi a tomato anasiya kupitikitsa ntchentche. Patsogolo apo a Filipo anali ataima, manja kumbuyo, akuyang'ana kumapiri ngati sanamve kanthu.

"Galimoto yanji, Mage?" Chikhumbo anafunsa motsitsa.



Foni inalira m'dzanja la Chikhumbo. Onse awiri anaona dzina pagalasi. Inalira kachiwiri, inaliranso. Chikhumbo sanaiyang'anenso, sanapite chauko. Anangoima pomwepo, maso ali pa Margareta, akudikira.